Kruszyniany, kamudzi ka Asilamu m'malire a Poland: mafunso ndi mayankho

Poland imadziwika ndi Chikatolika, ndipo ndi kwawo kwa Papa John Paul II. N'chifukwa chake ambiri amadabwa akamva kuti kum'mawa kwa dzikoli kuli kamudzi komwe Asilamu anapatsidwa malo ndi mfumu m'chaka cha 1679, ndipo zidzukulu zawo zikuswalibe mumzikiti wamatabwa mpaka lero. Kamudziko ndi Kruszyniany, ndipo Asilamuwo ndi a mtundu wa Atatar.

Kodi mudziwu uli pati kwenikweni?

Uli kumpoto cha kum'mawa kwa Poland, m'chigawo cha Podlaskie, m'boma la Sokółka. Tauni yapafupi ndi Krynki, makilomita pafupifupi 10 chakumpoto. Mzinda waukulu wa chigawochi, Białystok, uli kumadzulo, makilomita oposa 50 pamsewu. Mukalunjika kum'mawa simuyenda nthawi yaitali. Pakangotha makilomita ochepa mwafika pa mtsinje wa Świsłocz, ndipo tsidya lake ndi Belarus. Pamenepo ndi pothera Poland, komanso ndi pothera mgwirizano wa European Union ndi wa NATO.

Mudziwo wayala motsata msewu, nyumba zambiri zamatabwa, zina zokhalamo anthu chaka chonse, zina zotsegulidwa m'nyengo yotentha yokha eni ake akabwera kuchokera kumzinda.

Dera lake ndi lotani?

Ndi la timapiri tating'onoting'ono, dothi lamchenga ndi miyala yambirimbiri. Zonsezi zinasiyidwa ndi madzi oundana amene kalekale anakuta kumpoto kwa Ulaya, n'kumakankha miyala kuchokera ku Scandinavia. Mlimi wa kuno amatola miyala m'munda chaka ndi chaka, ndipo miyala yomweyo ndi imene inamangira maziko a nyumba, mipanda, ngakhalenso ziliza zakale za kumanda. Dothi lotere silikondera mbewu zapamwamba. Zimene zimachita bwino ndi mbatata ya kachewere, udzu wa ng'ombe, ndi mbewu za mtundu wa tirigu zopirira kuzizira.

Chapafupi pakuyenda kamtsinje ka Nietupa, kamene kamathira mu Świsłocz, ndipo kumadzulo kuli nkhalango yaikulu ya Knyszyn, ya mitengo ya paini, momwe mumakhala njati za ku Ulaya. M'nyengo yotentha adokowe amamanga zisa pamwamba pa mapolo amagetsi. Chigawochi ndi chimodzi mwa zozizira kwambiri m'Poland: mu Januwale madzi amaundana, ndipo kumada 4 koloko yamadzulo isanakwane. Mu Juni zinthu zimatembenuka, dzuwa limakhala kunja maola pafupifupi 17. Amene amasala Ramadani amvetsa msanga tanthauzo lake mwezi wosalawo ukagwera mu Juni.

Nanga Asilamu anafika bwanji kumeneko?

Sanafikire ku Kruszyniany. Makolo awo anachokera kuzigwa zazikulu za kumpoto kwa nyanja za Black Sea ndi Caspian, mu ufumu wa Golden Horde umene unatsala pa maufumu a Amongolia n'kulandira Chisilamu m'zaka za m'ma 1300. Chakumapeto kwa zaka zimenezo ufumuwo unali pa mpungwepungwe, akalonga akulimbirana mpando. Ogonja, pamodzi ndi anthu awo, anathawira kwa Vytautas, wolamulira wa Lithuania, amene panthawiyo dziko lake linali lalikulu zedi, kuphatikiza Belarus ya lero ndi gawo lalikulu la Ukraine.

Vytautas anawalandira ndi mtima wowerengera phindu. Anali akatswiri omenya nkhondo ali pa akavalo, ndipo iye amafuna asilikali. Anawapatsa malo kufupi ndi Vilnius, Trakai, Hrodna ndi madera ena, n'kuwalola kusunga chipembedzo chawo, pangano lake n'lakuti nkhondo ikabuka azituluka ndi akavalo awo. Mu 1410 anamenya nawo nkhondo ya Grunwald kumbali ya Poland ndi Lithuania. Pamene mayiko awiriwa anaphatikizana kwathunthu mu 1569, Atatar amenewa, amene amadziwikanso kuti Alipka, anakhala asilikali a dziko logwirizanalo.

N'chifukwa chiyani mfumu ya Chikhristu inapereka mudzi kwa Asilamu?

Yankho lalifupi ndi ngongole. Koma nkhani yake ndi yofunika kuimva yonse, chifukwa kawirikawiri anthu amaisimba ngati mphatso ya mfumu yachifundo, pomwe zenizeni zake n'zaukali kuposa pamenepo.

M'zaka za m'ma 1600 dziko la Poland ndi Lithuania linali pankhondo kosalekeza: ndi Sweden, ndi Moscow, ndi Akozaki a ku Ukraine, ndi ufumu wa Ottoman wa ku Turkey. Thumba la boma linauma. Asilikali amakhala zaka osalipidwa. Panthawi yomweyo Chikatolika chokhwima chinali kukula mphamvu, ndipo ufulu umene Atatar anali nawo kuyambira kale unayamba kuphwanyidwa pang'onopang'ono, pa nkhani za maudindo a usilikali, misonkho ndi kumanga mizikiti. Anthu amene anakhetsa magazi chifukwa cha dzikolo kwa mibadwo ingapo anayamba kuonedwa ndi diso lokayika chifukwa amapembedza mofanana ndi adani a ku Turkey.

Mu 1672 zinafika pa mwana wakana phala. Magulu angapo a asilikali a Chitatar, motsogozedwa ndi Aleksander Kryczyński, anagalukira Poland n'kupita kumbali ya Ottoman. Kwa zaka zingapo anamenyana ndi anzawo akale. Koma kumene anapitako sanapezenso mtendere, ndipo ambiri anayamba kulakalaka kubwerera. Jan Sobieski, mkulu wa asilikali amene anasankhidwa kukhala mfumu mu 1674, amawadziwa bwino ndipo amadziwa kufunika kwawo. Anawatsegulira njira. Mu 1677 nyumba ya malamulo inawakhululukira n'kubwezeretsa ufulu wawo.

Panatsala nkhani ya malipiro. Ndalama panalibe, koma mfumu inali ndi minda. Mu 1679, ili ku Hrodna, mfumu Jan III Sobieski inagawira akuluakulu a asilikali a Chitatar midzi ya m'minda yachifumu m'malo mwa ndalama zimene boma linali nazo ngongole. Kruszyniany ndi midzi yoyandikana nayo inapita kwa Samuel Murza Krzeczowski ndi anthu ake, pomwe Bohoniki, kufupi ndi Sokółka, inapita kwa gulu lina. Mudziwo unalipo kale Atatar asanafike. Chimene chinasintha mu 1679 ndi eni malo.

Patangopita zaka zinayi pangano linayesedwa. Mu 1683 Sobieski anatsogolera asilikali kukapulumutsa Vienna imene inazingidwa ndi Ottoman, ndipo Atatar ake anapita naye, Asilamu kukamenyana ndi Asilamu anzawo. Anthu a m'mudzimo amasimba kuti patatha milungu ingapo, pa nkhondo ya Párkány, Krzeczowski anapulumutsa moyo wa mfumu, ndipo kuti mu 1688 mfumuyo inaima kunyumba kwake ku Kruszyniany pa ulendo wopita ku Hrodna. Aliyense wokaona mudziwo amaimva nkhani imeneyi.

Bwanji mzikiti wake ukuoneka ngati tchalitchi?

Chifukwa anaumanga ndi amisiri a m'deralo, ndi matabwa a m'nkhalango za m'deralo, mwa kamangidwe kamene manja awo anazolowera. Munthu wodutsa pamsewu akhoza kuuyesa tchalitchi chakumudzi: nyumba yamakona anayi, yopakidwa utoto wobiriwira, tinsanja tiwiri kutsogolo ndi kena kamodzi padenga. Mukayang'anitsitsa m'pamene mumaona kuti pamwamba pa tinsanjato palibe mtanda, pali chizindikiro cha mwezi.

Unamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kapena kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo unakonzedwanso mu 1846. Umawerengedwa kuti ndi mzikiti wakale kwambiri mwa imene ilipo m'Poland. M'kati mwagawidwa pawiri, mbali yaikulu ya abambo ndi yaing'ono ya amayi, iliyonse ndi khomo lake. Pansi pali makapeti, kukhoma loloza ku Mecca kuli mihrab, kamphako kosonyeza koyang'ana poswali, pambali pake pali minbar, gome lolalikirirapo imamu, ndipo m'makoma mwapachikidwa zolemba za mavesi a Korani zokongoletsedwa, zimene iwo amazitcha muhir. Atatar a kuno ndi Asuni a sukulu ya Hanafi.

Mu 2012 boma la Poland linaika mizikiti ndi manda a ku Kruszyniany ndi Bohoniki pa mndandanda wa zipilala za mbiri ya dziko, womwe ndi ulemu waukulu kwambiri umene nyumba yakale ingalandire kumeneko. Zaka ziwiri izi zisanachitike, mu Malichi 2010, Charles wa ku Britain, amene panthawiyo anali kalonga wa Wales, anafika kudzaona mzikitiwu.

Kodi amalankhula Chitatar?

Ayi, ndipo anachisiya kale kwambiri, mwina asanafike n'komwe ku Kruszyniany. Ambiri mwa amene anabwera ku Lithuania anali amuna, asilikali, ndipo anakwatira akazi a m'deralo. Mwana amayamwa chilankhulo cha mayi ake. Pofika m'zaka za m'ma 1600 Atatar ambiri amalankhula Chibelarusi ndi Chipolishi, ndipo mayina a mabanja awo anatenga mathero a Chipolishi.

Chimene sanataye ndi zilembo. Popeza Chiarabu amachidziwa pang'ono, chongokwanira swala, anayamba kulemba mabuku achipembedzo m'chilankhulo chimene amalankhula kunyumba koma ndi zilembo za Chiarabu. Panali kitab, momwe munali nkhani za aneneri ndi malangizo, panali tefsir, Korani yokhala ndi tanthauzo lake pansi pa mzere uliwonse, ndiponso chamaił, timabuku ta mapemphero toyenda nato m'thumba. Amakopera pamanja, bambo n'kusiyira mwana. Mpolishi wamba sakanatha kuwerenga chifukwa cha zilembo, Mwarabu akanawerenga koma osamva kanthu. Masiku ano akatswiri a zilankhulo amawafuna kwambiri mabukuwa, chifukwa anasunga katchulidwe ka Chibelarusi chakale kamene zolemba zina sizinasunge.

Pa zonse za mudziwu, ichi ndiye chimandichititsa chidwi kuposa mzikiti. Mtundu unataya chilankhulo, unataya mavalidwe, nkhope zinasakanikirana ndi za anansi, koma chipembedzo chinakhalabe, ndipo chinakhala mpanda wokhawo wosiyanitsa Mtatar ndi mnansi wake.

Mudziwu wakhala uli m'Poland nthawi yonseyi?

Mudzi sunasunthe, koma mayiko ndiwo akhala akusinthana pamwamba pake. Mu 1795 dziko la Poland ndi Lithuania linafafanizidwa pamapu, Russia, Prussia ndi Austria ataligawana, ndipo zaka zonse za m'ma 1800 kufikira nkhondo yoyamba yapadziko lonse, kupatula zoyambirira zochepa, dera la Białystok linali m'manja mwa Russia. N'chifukwa chake kumanda mupeza ziliza zina zolembedwa m'zilembo za Chirasha. Mu 1915, asilikali a Germany akuyandikira, anthu ochuluka a m'midzi ya kuno anathawira m'kati mwa Russia, ndipo ambiri sanabwerere.

Poland itabadwanso mu 1918, Atatar anapuma. Mu 1925 anakhazikitsa bungwe lawo lachipembedzo ku Vilnius, mzinda umene panthawiyo unali m'Poland, n'kusankha Jakub Szynkiewicz kukhala mufti, mtsogoleri wawo wamkulu wachipembedzo, ndipo mu 1936 lamulo la dziko linavomereza bungwelo. Kenako kunabwera nkhondo yachiwiri yapadziko lonse: mu 1939 asilikali a Soviet Union, mu 1941 a Germany, mu 1944 a Soviet kachiwiri.

Chimene chinasintha tsogolo la Kruszyniany kwambiri ndi malire a 1945. Anawakankhira kumadzulo, ndipo Vilnius, Hrodna, Navahrudak ndi midzi ina yambiri ya Atatar inatsalira ku Soviet Union. Mwa mizikiti yakale ya Atatar, iwiri yokha ndiyo inagwera mbali ya Poland: wa ku Kruszyniany ndi wa ku Bohoniki. Kamudzi kamene kale kanali kamodzi mwa midzi yambiri, kakumphepete, kanasanduka likulu lauzimu mosayembekezera. Atatar amene anasamuka kuchokera kum'mawa anakakhala ku Białystok, Gdańsk ndi Gorzów Wielkopolski, koma pa zikondwerero ndi pa maliro maso awo amaloza ku midzi iwiriyi.

Lero kuli anthu angati?

Ochepa. Mudzi wonse sufika anthu 200, ndipo mwa iwo Atatar ndi mabanja owerengeka. Ena onse ndi Akatolika ndi a mpingo wa Orthodox, amene ali ndi tchalitchi chawo cha Anna Woyera m'mudzi momwemo. Achinyamata anapita kumizinda, ngati mmene zilili m'midzi yambiri ya kum'mawa kwa Poland. M'dziko lonse, pa kalembera wa 2011, anthu pafupifupi 1,900 ndi amene anadzitchula kuti ndi Atatar.

Ngati Atatar atsala ochepa chonchi, chimasunga mudziwu n'chiyani?

Manda. Kuseri kwa mzikiti, pa kachitunda ka mitengo, kuli mizar, manda a Asilamu, ozunguliridwa ndi mpanda wamiyala. Ziliza zakale kwambiri ndi miyala wamba yotoledwa m'munda, yolembedwa Chiarabu chimene chikufufutika ndi ndere, ndipo zina ndi za m'ma 1700. Zatsopano ndi zosalala ngati za manda ena onse a m'Poland, zolembedwa Chiarabu pamwamba ndi Chipolishi pansi.

Mtatar akhoza kubadwira ku Białystok, kugwira ntchito moyo wake wonse ku Gdańsk kapena ku Warsaw, koma akamwalira abale amayesetsa kumubweretsa ku Kruszyniany kapena ku Bohoniki kuti akagone ndi makolo. Pa Idi ziwiri, zimene iwo amazitcha Ramazan Bajram ndi Kurban Bajram, magalimoto amadzaza msewu. Anthu amaswali, kenako amapita kumanda kukapempherera abale, n'kugawana sadoga, sadaka yawo ya mabanzi, maswiti ndi zina zotsekemera. Mzikiti umene masiku ena umalandira alendo ojambula zithunzi okha, tsiku limenelo umachepa.

Amakhala bwanji ndi anansi awo Achikhristu?

M'mudzi mwenimwenimo, bwino. Zipembedzo zitatu zakhala khomo ndi khomo kwa zaka mazana atatu, ndipo maukwati osakanikirana si achilendo. Koma ndi bwino kusamala ndi chithunzi chokongola kwambiri chimene otsatsa malo okopa alendo amajambula. Mu Juni 2014 anthu ena anabwera usiku n'kujambula nkhumba pakhoma la mzikiti, n'kuwononganso ziliza zambiri ndi utoto. Nkhaniyo inamveka dziko lonse ndipo ambiri anaidzudzula, Akhristu a m'deralo ali m'gulu lomwelo. Chaka cha 2013 lamulo la Poland linaletsa kupha nyama popanda kuikomola kaye, zomwe zinakhudza nsembe ya Kurban Bajram komanso Ayuda, mpaka khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linachotsa chiletsocho mu Disembala 2014.

Palinso kachizolowezi kena kamene Atatar amakumana nako: kutamandidwa kuti ndi "Asilamu athu" pofuna kunyoza Asilamu obwera kumene. Chitamando chotere chili ndi mbedza m'kati.

Chakudya chawo chotchuka n'chiti?

Pierekaczewnik. Amakanda ufa wa tirigu, n'kuupyapyalitsa kwambiri, magawo angapo, lililonse kulipaka batala kapena mafuta a tsekwe, n'kuwasanjika. Pamwamba amayala nyama yodulidwa tizidutswa, ya nkhosa, ya ng'ombe kapena ya tsekwe, ndi anyezi. Kenako amakulunga, n'kupinda mozungulira ngati nkhata, n'kuika mu uvuni. Pali wina wotsekemera wa tchizi kapena maapozi. Ndi ntchito ya maola ambiri, ndiye chifukwa chake kale chinali chakudya cha zikondwerero. Mu 2009 European Union inachilembetsa pa mndandanda wa zakudya zamakolo zotetezedwa. Palinso kołduny, timitanda tophika m'madzi tokhala ndi nyama m'kati.

M'nyengo yotentha mudziwu umachititsa Sabantuj, chikondwerero cha khasu la ng'ombe, chokhala ndi magule, kuponya mivi ndi mipikisano. Chimenechi n'chobwereka kwa Atatar a ku Volga, ku Russia, ndipo chafika kuno posachedwapa.

Kodi mavuto a m'malire a Belarus anawukhudza mudziwu?

Kwambiri. Mu 2021 boma la Belarus, la Alexander Lukashenko, linayamba kulola anthu ochokera ku Iraq, Syria, Afghanistan ndi mayiko ena, ena a mu Africa, kufika ku Minsk, likulu la dzikolo, n'kuwalozera kumalire a Poland. Poland inatseka njira, ndipo anthu zikwizikwi anatsekerezeka m'nkhalango ndi m'madambo kuzizira kukuyamba. Pa 2 Seputembala 2021 boma linalengeza lamulo ladzidzidzi m'kachigawo kotsata malire, ndipo Kruszyniany inali m'kati. Alendo, atolankhani ndi mabungwe othandiza analetsedwa kulowamo, ndipo chiletsocho chinapitirira mpaka kumapeto kwa Juni 2022. Mudzi umene umadalira alendo odzaona mzikiti ndi kudya pierekaczewnik unangoti zii, m'misewu muli magalimoto a asilikali. Kenako Poland inamanga mpanda wachitsulo wotalika mamita asanu ndi theka, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 186.

Ena mwa othawa kwawowo anafera m'nkhalango ndi m'mitsinje. Atatar a ku Bohoniki anapereka malo m'manda awo, ndipo kuyambira Novembala 2021 anayamba kuika maliro a Asilamu amene sanawadziwe n'komwe, mwa mwambo wonse wa Chisilamu, abale a omwalirawo ena akuonerera pa foni ali kutali.

Munthu angakafike bwanji, ndipo ayenera kudziwa chiyani?

Kuchokera ku Warsaw mumakwera sitima yapamtunda kupita ku Białystok. Kuchokera pamenepo njira yodalirika ndi galimoto, kudzera ku Supraśl ndi Krynki, chifukwa mabasi ofika m'mudzimo ndi osowa. Ku Krynki mudzazungulira bwalo limene misewu 12 imakumana, choncho yang'anani bwino chikwangwani. Bohoniki ili pa ulendo wosakwana ola limodzi, ndipo ambiri amaona midzi yonse iwiri tsiku limodzi, potsata njira yodziwika kuti Szlak Tatarski.

Poland ili m'dera la Schengen, la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, ndipo ndalama yake ndi złoty, osati euro. Popeza mudziwu uli pafupi ndi malire olondedwa kwambiri, yendani ndi pasipoti nthawi zonse, ndipo funsani kaye ngati pali chiletso chatsopano musananyamuke, chifukwa malamulo a kumeneko akhala akusinthasintha kuyambira 2021. Mzikiti umatsegulidwa ndi woyang'anira amene amafotokozera alendo mbiri yake, ndipo m'nyengo yozizira ndi bwino kupangana naye pasadakhale. Nsapato zimatsala pakhomo, ndipo zovala zikhale zaulemu. Miyezi yabwino kupitako ndi Meyi mpaka Seputembala.